Kusankha maphunziro a ku sekondale: mafunso amene ana ndi makolo a kuno Kum'mawa kwa Zambia amafunsa kawirikawiri

Mafunso ali m'munsimu ndakhala ndikuwamva chaka ndi chaka. Ena amachokera kwa ana a sukulu, ena kwa makolo pa misonkhano ya makolo ndi aphunzitsi, ndipo ena kwa anyamata ndi atsikana amene anamaliza kale Giredi 12 koma apeza kuti koleji imene ankailakalaka siingawalandire chifukwa cha phunziro limodzi lokha. Gulu lomalizali ndi limene landikakamiza kulemba, pakuti misozi yawo yambiri ikanapeweka akanauzidwa zinthu izi zaka zitatu m'mbuyomo. Mayina a maphunziro ena ndawasiya monga mmene amalembedwera pa satifiketi kuti pasakhale chisokonezo.

Kodi kusankha kumachitika liti, ndipo amasankha ndani?

M'dongosolo limene ambiri tinazolowera, kusankha kumachitika mwana akangolowa Giredi 10, ndipo zimene wasankha pamenepo amayenda nazo mpaka mayeso a Giredi 12 amene amakonzedwa ndi bungwe la Examinations Council of Zambia, lodziwika kuti ECZ. Kunena zoona, pa masukulu ambiri mwana sasankha phunziro lililonse palokhapalokha. Sukulu imakonzeratu makalasi, kalasi iliyonse ndi mtolo wake wa maphunziro, ndipo ana amagawidwa m'makalasiwo poyang'ana mmene anakhozera mayeso apitawo. Komabe masabata oyambirira a temu yoyamba ndi nthawi imene ahedi ndi aphunzitsi a uphungu amamvetsera madandaulo, choncho mwana kapena kholo limene likuona kuti kalasi siikugwirizana ndi cholinga cha mwanayo liyenera kupita kukalankhula nthawi yomweyo. M'mera mpoyamba.

Nanga dongosolo latsopano la mafomu lasintha chiyani?

Unduna wa Maphunziro unakhazikitsa dongosolo latsopano m'chaka cha 2023, ndipo ana oyamba a Fomu 1 analowa mu 2025. M'dongosololi sekondale ikuyambira Fomu 1 kufika Fomu 4, kenako Fomu 5 ndi Fomu 6 kwa amene apitirize maphunziro a A Level, ndipo mwana akuikidwa m'njira yake ya maphunziro akangolowa Fomu 1. Izi zikutanthauza kuti nkhani imene kale tinkakamba ndi mwana wa zaka 15 kapena 16 tsopano tiyenera kuiyamba ali wamng'ono kwambiri, ndipo udindo wa makolo wakula. Mayankho otsatirawa akutchula magiredi chifukwa ndi amene akadali pakamwa pa anthu, koma malangizo ake akukhudza ana a m'madongosolo onse awiri.

Kodi pali maphunziro amene aliyense ayenera kutenga?

Inde. Chingerezi, masamu ndi Civic Education amaphunziridwa ndi aliyense, ndipo kalasi iliyonse imakhala ndi phunziro la sayansi. Maphunziro otsalawo, amene amakwanitsa chiwerengero cha 7 kapena 8 chimene ana ambiri amalemba, ndi amene amasiyana malinga ndi njira imene mwana ali.

Njira zimenezi ndi ziti?

M'dongosolo la 2013, lija la magiredi, maphunziro a ku sekondale anagawidwa pawiri. Mbali yoyamba ndi ya maphunziro a m'mabuku, imene ili ndi nthambi zitatu: ya sayansi, mmene muli Physics, Chemistry ndi Biology, ya zamalonda, mmene muli Commerce ndi Principles of Accounts, ndi ya zachikhalidwe cha anthu, mmene muli History, Geography, Religious Education, Literature in English ndi zilankhulo. Mbali yachiwiri ndi ya ntchito zamanja ndi luso, mmene muli ulimi, Design and Technology, zapakhomo ndi kusamalira alendo, zojambula ndi nyimbo, komanso masewera olimbitsa thupi.

Pali maganizo amene afala akuti mbali yachiwiriyi ndi ya ana ofooka. Maganizo amenewa ndi olakwika, ndipo awonongetsa ana ambiri. Mwana wa mbali iyi amalemba mayeso a ECZ omwewo, amalandira satifiketi yomweyo, ndipo akakhoza bwino Chingerezi, masamu ndi sayansi amatha kulowa koleji kapena yunivesite ngati mnzake aliyense.

Timamva za makirediti ndi mapointi. Kodi zimawerengedwa bwanji?

Pa mayeso a Giredi 12 phunziro lililonse limapatsidwa nambala kuyambira 1 kufika 9. Nambala 1 ndi 2 ndi distinkishoni, 3 ndi 4 ndi meriti, 5 ndi 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 ndi kukhoza kwa pang'ono, ndipo 9 ndi kulephera. Makoleji akanena kuti akufuna makirediti asanu, amatanthauza maphunziro asanu amene mwana wapeza 6 kapena nambala yocheperapo. Mapointi amapezeka pophatikiza manambala a maphunziro asanu ndi limodzi amene mwana wakhoza bwino koposa, n'chifukwa chake mapointi 6 ndiwo apamwamba kwambiri.

Apa ndi pamene ambiri amapunthwa. Mwana angathe kukhala ndi mapointi ooneka bwino, mwina 14, chifukwa wapeza 1 mu Civic Education, 2 mu History ndi 2 mu Religious Education, koma ngati masamu wapeza 7, makoleji ambiri a unesi ndi uphunzitsi sadzayang'ana n'komwe mapointiwo. Chimene chimatsegula khomo ndi kirediti m'maphunziro enieni amene kosi imeneyo ikufuna. Mapointi amagwira ntchito pambuyo pake, posiyanitsa anthu amene onse akwaniritsa kale zofunikazo.

Kodi pali kusiyana kotani pakati pa "pure science" ndi Science 5124?

Amene ali m'kalasi ya "pure" amaphunzira Physics payokha ndi Chemistry payokha, mozama, ndipo pa satifiketi amawerengedwa ngati maphunziro awiri. Science 5124 ndi phunziro limodzi limene laphatikiza mbali zina za Physics ndi Chemistry, ndipo limabwera ndi nambala imodzi. Biology imakhala payokha m'njira zonse ziwiri.

Amene akufuna udokotala, uinjiniya, zamigodi kapena zamankhwala amapindula ndi "pure", osati chifukwa cha dzina lake, koma chifukwa chaka choyamba cha ku yunivesite chimayambira pamene maphunziro amenewa analekezera. Ku University of Zambia, kwa zaka zambiri, ofuna ntchito zimenezi akhala akuyambira ku School of Natural Sciences, ndipo mmene akhozera m'chaka choyambacho ndi zimene zimaonetsa amene apite ku udokotala kapena ku uinjiniya. Mwana amene anazolowera kale kuwerengera mozama mu Chemistry savutika kwambiri pa mpikisano umenewo.

Koma ndikuchenjezeni makolo anzanga. Kukankhira mwana m'kalasi ya "pure" pofuna ulemu, pamene masamu ake ndi ofooka, ndi kumusenzetsa mtolo umene udzamuthyola khosi. Ndaonapo ana amene akanapeza 3 mu Science 5124 akutuluka ndi 8 mu Physics ndi 9 mu Chemistry, n'kutaya zonse ziwiri. Nambala 3 ya 5124 imalowetsa munthu ku makosi ambiri, pamene 8 ya Physics siimulowetsa kulikonse.

Ndikufuna kukhala nesi kapena kugwira ntchito ina ya m'chipatala. Ndisamale maphunziro ati?

Funso ili ndi limene limabwera kawirikawiri kuposa onse, mwina chifukwa masukulu a unesi tili nawo pafupi, monga ku Chipata Central Hospital, ku St Francis ku Katete ndi ku Mwami. Chofunika ndi makirediti asanu, ndipo mkati mwake mukhale Chingerezi, masamu ndi phunziro la sayansi, makamaka Biology. Simufunika "pure science" kuti mukhale nesi, koma simungalumphe masamu. Popeza ofunsira malo amachuluka kuposa malo amene alipo, amene wangofika pa 6 m'maphunziro onse amakhala kumbuyo kwa mzere, choncho ndi bwino kulimbikira kuti manambala atsike.

Masamu amandivuta kwambiri. Kodi ndingasankhe njira imene ilibe masamu?

Njira yotero palibe, ndipo ngakhale ikanakhalapo sindikanakulangizani kuitenga. Makosi ochepa, monga ena a zamalamulo, zilankhulo ndi mbiri yakale, amayang'ana kwambiri Chingerezi, koma unesi, uphunzitsi wa ku pulaimale, ulimi, akaunti, zamakompyuta ndi ntchito zambiri zaumisiri zimafuna masamu.

Ana ambiri amene amati masamu anawakana, vuto lawo silikhala m'mutu koma m'mbuyo. Pali pamene anaphonya, mwina pamene anadwala malungo kwa milungu iwiri ali Giredi 8, kapena pamene anatsala kunyumba nthawi yokolola, ndipo kuchokera pamenepo chilichonse chimene mphunzitsi anamanga chinakhala pa maziko ogumuka. Mankhwala ake ndi kubwerera pamene panagumukapo popanda manyazi: mafulakishoni, manambala okhala ndi chizindikiro chochotsera, ndi chiyambi cha algebra. Mwana amene amakhala pansi mphindi 30 tsiku lililonse ndi pensulo, n'kumawerengera yekha mafunso a mayeso a zaka zapitazo, kenako n'kupita ndi zimene zamukanika kwa mphunzitsi kapena kwa mnzake wodziwa, amasuntha kuchoka pa 9 kufika pa 6. Si zachilendo zimenezi, ndaziona nthawi zambiri. Chimene sichithandiza ndi kuwerenga masamu ndi maso ngati nthano, kapena kuyembekezera temu yachitatu ya Giredi 12.

Nanga Additional Mathematics ndi ya ndani?

Ndi ya mwana amene masamu wamba sakumupatsa thukuta ndipo akuganiza za uinjiniya, zamakompyuta kapena sayansi. Imamuonetsa calculus, nthambi ya masamu apamwamba, asanafike ku yunivesite. Kwa amene akulimbana ndi masamu wamba, ndi bwino mphamvu zonse aziike pamenepo.

Mwana wanga waikidwa m'kalasi ya Agricultural Science. Kodi ndinamutumiza kusukulu kuti abwererenso ku khasu?

Mawu awa ndinawamva kwa bambo wina amene anabwera atakwiya, atapalasa njinga mtunda wautali, ndipo ndinamvetsa kupweteka kwa mtima wawo. Munthu amene wakalamba akuwerama m'munda, n'kumagulitsa chimanga pa mtengo wolira, safuna kuti mwana wake adzaone zomwezo.

Koma Agricultural Science si ganyu. Ndi phunziro la sayansi limene limafotokoza chifukwa chake nthaka imaguga, mmene feteleza amagwirira ntchito, matenda a ng'ombe ndi nkhumba, kasungidwe ka mbewu, ndi kawerengedwe ka phindu la munda. Chigawo chathu chimadalira chimanga, nshawa, soya, thonje, mpendadzuwa ndi fodya, ndipo ntchito zambiri zolipidwa zimene zili kuno n'zokhudza mbewu zimenezi: alangizi a zaulimi, ogwira ntchito m'makampani a mbewu ndi mankhwala, oyang'anira ziweto, ndi ofufuza. Pafupi ndi Chipata pomwepa pali Msekera Research Station, kumene kunachokera mitundu ya nshawa imene alimi amaidziwa ndi mayina akuti MGV 4 ndi MGV 5, ndipo amene amagwira ntchito yotere anayambira pa phunziro lomweli. Ku Katete kuli koleji yophunzitsa malonda a zaulimi, ku Monze ndi ku Mpika kuli makoleji a ulimi, ndipo ku Lusaka kuli Natural Resources Development College.

Ndiwonjezere chimodzi. Si ana onse amene adzapeza ntchito yolembedwa, ndipo tonse tikudziwa anyamata amene ali ndi masatifiketi koma akungokhala. Pa maphunziro onse a pa sukulu, ili ndi limodzi mwa ochepa amene mwana angayambe kudyerapo chaka chomwecho chimene wamaliza, ngati pakhomo pali dimba kapena khola. Chofunika n'chakuti asalekerere Biology, masamu ndi Chingerezi, chifukwa makoleji a ulimi amafunanso zimenezi.

Kodi kutenga Chinyanja kuli ndi phindu, popeza timalankhula kale?

Kulankhula chilankhulo ndi kuchilemba bwino ndi zinthu ziwiri. Chinyanja ndi chimodzi mwa zilankhulo 7 za m'dziko muno zimene zimaphunzitsidwa ndi kulembedwa pa mayeso, pamodzi ndi Chibemba, Chitonga, Chilozi, Chilunda, Chiluvale ndi Chikaonde, ndipo nambala yake imawerengedwa pa mapointi mofanana ndi ya phunziro lina lililonse. Amene amalowa m'kalasi imeneyi akuganiza kuti adzakhoza osawerenga amadabwa akakumana ndi malamulo a chilankhulo, miyambi, kumasulira ndi mabuku amene ayenera kuwadziwa.

Ntchito zake zilipo. Ana a m'makalasi oyambirira amaphunziranso kuwerenga chilankhulo cha m'dera lawo, motero mphunzitsi wa ku pulaimale wochokera ku Chipata College of Education amene sadziwa kulemba Chinyanja amavutika. Mawailesi monga Breeze FM, Radio Maria ndi ZNBC amafuna anthu olankhula ndi kulemba bwino, makhoti amafuna omasulira, ndipo mipingo ndi mabungwe a zaumoyo amafuna anthu osandutsa uthenga kuti agogo a kumudzi aumve. Zimandiwawa kuona mwana amene chaka chilichonse amapita ku Kulamba ku Mkaika akuchita manyazi kulembetsa chilankhulo cha makolo ake.

Commerce ndi Accounts zimapita kuti?

Zimathandiza amene akufuna ntchito za m'mabanki, za misonkho, za kugula ndi kusunga katundu, kapena maphunziro a akaunti a bungwe la ZICA, komanso amene adzayendetse bizinesi yawo. M'tauni ya m'malire ngati yathu ya Chipata, kumene katundu amadutsa tsiku ndi tsiku pa Mwami kupita ku Mchinji, nzeru zimenezi sizisowa pogwira. Dziwani kuti makosi a akaunti amayang'ana poyamba Chingerezi ndi masamu, kotero Accounts siilowa m'malo mwa masamu.

Religious Education 2044 ndi 2046, yabwino ndi iti?

Zonse zimalandiridwa mofanana. Sukulu imaphunzitsa imodzi mwa ziwirizi, ndipo chofunika ndi kuonetsetsa kuti nambala imene mwalembetsa ku ECZ ndi ya silabasi imene mukuphunzira m'kalasi.

Ine ndikufuna china, makolo anga akufuna china. Ndichite chiyani?

Musakangane nawo pabwalo, ndipo musangokhala chete n'kumanyinyirika m'kalasi zaka zitatu. Makolo akamaumirira udokotala kapena unesi, kawirikawiri chimene akufuna ndi chakuti mudzakhale ndi ntchito yodalirika, chifukwa ndiwo akugulitsa mbuzi kuti mupeze yunifomu ndi nsapato. Tengani malipoti anu a matemu apitawo, khalani nawo pansi, ndipo aonetseni pamene mumakhoza ndi pamene mumagwa. Auzeni dzina la kosi imene mukufuna, kumene imaphunzitsidwa, ndi ntchito imene imatulukamo. Ngati n'kovuta kulankhula ndi atate mwachindunji, pitani kwa amalume kapena azakhali, monga mwa mwambo wathu, kapena pemphani aphunzitsi a uphungu kuti akuitaneni nonse.

Kwa inu makolo ndikupempha kuti mumumvetsere mwanayo mpaka amalize. Amene adzakhala m'chipinda cha mayeso ndi iye, ndipo mwana amene wakakamizidwa salimbikira ngati amene wasankha ndi mtima wake. Komanso musamusiye yekha kuti atsatire kumene kwapita anzake, kapena kuthawa phunziro chifukwa choopa mphunzitsi wake. Mphunzitsi angasamutsidwe temu yamawa, koma phunzirolo lidzakhala pa satifiketi moyo wonse.

Kodi sayansi ndi Design and Technology si za anyamata?

Ayi. Palibe lamulo kapena chibadwa chimene chimaletsa mtsikana kuphunzira Physics kapena kugwira sowo, ndipo masukulu a atsikana monga St Monica's akhala akutulutsa ana okhoza bwino sayansi kwa zaka zambiri. Chimene chimabweza atsikana m'mbuyo ndi ntchito zapakhomo zimene zimawadyera nthawi yowerenga pamene alongo awo ali pa mabuku, ndi mawu ofooketsa amene amamva kwa akulu. Mofananamo, mnyamata amene akufuna Food and Nutrition asasekedwe, pakuti malo ogona alendo a ku Mfuwe, pafupi ndi South Luangwa National Park, amalemba ntchito ophika ndi osamalira alendo ophunzitsidwa bwino.

Mtsikana amene anasiya sukulu chifukwa cha pakati ali ndi ufulu wobwerera, malinga ndi lamulo limene boma linakhazikitsa mu 1997, ndipo ayenera kuthandizidwa kupitiriza maphunziro amene anayamba.

Sukulu yathu siiphunzitsa phunziro limene ndikufuna. Kodi ndisamuke?

Yambani mwafufuza ngati phunzirolo likufunikadi pa kosi imene mukufuna. Ambiri amadabwa kumva kuti munthu angaphunzire zamakompyuta ku koleji ngakhale sanatenge Computer Studies, kapena zamalamulo ngakhale sanatenge Literature in English, bola makirediti ofunika alipo. Kumene kusamuka kumakhala ndi nzeru ndi pamene mwana wamphamvu pa sayansi ali pa sukulu yopanda labotale kapena yopanda makalasi a "pure", ndipo angapeze malo pa sukulu ngati Chizongwe Technical kapena ina yokhala ndi zipangizo. Kuyambira mu January 2022 maphunziro ndi aulere m'masukulu a boma, koma ogonera pa sukulu amalipirabe, ndipo mabanja osowa angapemphe thandizo la ndalama za CDF, thumba la boma la chitukuko cha m'dera la phungu, kudzera ku komiti ya chitukuko ya m'wadi yawo. Musanasamuke, onetsetsani kuti sukulu yatsopanoyo ili ndi mtolo wa maphunziro wofanana ndi umene munayamba.

Kodi ndingasinthe phunziro ndili kale Giredi 11?

N'zotheka nthawi zina, koma mtengo wake ndi waukulu, chifukwa mumakhala mwataya chaka chathunthu cha silabasi, ndipo maphunziro ena ali ndi malikisi a ntchito ya m'kalasi amene amasonkhanitsidwa pang'onopang'ono. Kuchoka ku "pure" kupita ku Science 5124 n'kosavuta kuyerekeza ndi kuchoka ku 5124 kupita ku "pure". Mayina akangotumizidwa ku ECZ, kusintha kumavuta kwambiri, choncho pamene sukulu yakupatsani pepala loti mutsimikize zimene mwalembetsa, werengani dzina lanu, tsiku lobadwa ndi phunziro lililonse musanasaine.

Ndinamaliza Giredi 12 koma ndilibe kirediti m'phunziro lofunika. Kodi zanga zatha?

Sizinathe. ECZ imakonza mayeso a GCE, a anthu amene sali pa sukulu, chaka chilichonse, ndipo mungalembetse phunziro limodzi kapena angapo pa malo ovomerezeka kuti mukonze pamene panalakwika. Mungalembenso phunziro limene simunatenge kusukulu, monga Biology, ngati mwapeza wokuphunzitsani. Makoleji ambiri amalola kuphatikiza zotsatira za Giredi 12 ndi za GCE, koma funsani ku koleji imene mukufuna musanalipire ndalama, ndipo onetsetsani kuti malo amene mukulembetsa ndi odziwika ku ECZ komanso kuti mwalandira lisiti. Safunsa anadya phula.

Palinso njira ya ntchito zaumisiri pansi pa bungwe la TEVETA, pa masukulu monga Chipata Trades Training Institute ndi Ukwimi, kumene kuli makosi a zamagetsi, zomangamanga, ukalipentala ndi umakaniko, ndipo ena mwa makosi amenewa amalandira anthu opanda makirediti asanu. Amene anaphunzira ku Malawi ndipo ali ndi satifiketi ya MSCE ayenera kuyamba kuitengera ku Zambia Qualifications Authority kuti aitsimikize asanafunsire malo pa koleji ya m'dziko muno.